Dambo Likauma, Moto Udzazimira Kuti?

Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mwambi umenewu tonse timaudziwa, ndipo timautchula pa maliro ndi pa milandu ya m'banja, kawirikawiri osalingalira bwino chithunzi chimene makolo anabisa m'kati mwake. Mwezi wa Okutobala, udzu utauma, moto wolusa umatha kubuka m'phiri n'kumatsika uku ukunyeketsa tchire, nkhokwe ndi nyumba zomwe. Anthu amauthamangira ndi nthambi zamasamba koma osaugonjetsa. Tsono ukafika kudambo, kumene nthaka ndi yonyowa ndipo udzu ukadali wauwisi, umafooka wokha mpaka kuzima. Chimauzimitsa ndi chinyontho chimene dambolo lakhala likusunga mwakachetechete chichokereni dzinja. Munthu wamkulu alinso chimodzimodzi. Zimene anaona, zimene anamva ndi zimene zinam'pweteka zaka zambiri zapitazo, ndicho chinyontho chake.

Ife a kuno ku Songani, amene tikatsetsereka chakum'mawa timakafika ku nyanja ya Chilwa, tikudziwa kuti dambo nalo limauma. Ndiye funso langa lero, awerengi okondedwa, ndi lakuti: mkulu wa pa ntchito akapuma, akasamutsidwa kapena akatsikira kulichete, nzeru zake zimapita kuti? Ndafunsa chonchi chifukwa akatswiri a makompyuta ali ndi njira yotapira nzeru m'mitu ya mabwana ndi amisiri n'kuziika m'makina, kuti makinawo azilangiza anthu eni nzeruwo atachoka. Ena akamva zimenezi amati ndi mwano kwa akulu. Ena amati ndiye mankhwala a mavuto athu onse. Ine ndikuti ntchitoyi ndi yofunika ndipo tachedwa nayo kale, koma idzabala zipatso pokhapokha titaigwira motsata mwambo umene makolo ankatsata pophunzira kwa akulu.

Choyamba tidziwe chinthu chimene tikukambachi. Azungu amachitcha expert system, ife tingangoti makina olangiza. Kapangidwe kake n'kosavuta kumva. Pamakhala munthu wofunsa, amene amakhala pansi ndi katswiri kwa masabata kapena miyezi, kumufunsa mmene amaganizira akakumana ndi vuto. Mayankhowo amawasandutsa timalamulo tonena kuti zikakhala zakutizakuti, chita chakutichakuti. Timalamuloto amatiunjika m'kompyuta monga muunjikira chimanga m'nkhokwe. Pambali pake amaikapo pulogalamu ina imene ntchito yake ndi kufunsa mafunso munthu wofuna thandizo, kusankha malamulo ogwirizana ndi mayankho ake, ndi kuwalumikiza limodzilimodzi mpaka malangizo atapezeka.

Ntchitoyi inayambira pa yunivesite ya Stanford ku America mu 1965, pamene Edward Feigenbaum ndi Joshua Lederberg anayamba kupanga DENDRAL, pulogalamu yothandiza asayansi kuzindikira kapangidwe ka makemikolo. M'zaka za m'ma 1970, pa yunivesite yomweyo, Edward Shortliffe anapanga MYCIN, imene inali ndi malamulo pafupifupi 600 othandiza dokotala kusankha mankhwala a matenda a m'magazi ndi oumitsa khosi. Koma nkhani imene ikutiyandikira ife ndi ya kampani yophika zakudya za m'zitini ya Campbell Soup. Kumeneko kunali mkulu wina dzina lake Aldo Cimino, amene anagwira ntchito zaka zoposa 40 ndipo ndiye ankaitanidwa makina akuluakulu ophikira akavuta pa fakitale iliyonse ya kampaniyo. M'zaka za m'ma 1980, ataona kuti watsala pang'ono kupuma, mabwana anachita mantha. Anaitana akatswiri a ku Texas Instruments amene anakhala naye miyezi ingapo, natulutsa malamulo pafupifupi 150 amene anaikidwa m'kompyuta kuti amisiri achinyamata aziifunsa. Kampani imeneyo inazindikira kuti chuma chake china chinali m'mutu wa munthu mmodzi wa imvi, ndipo inachitapo kanthu iye akadali moyo.

Munthu wodziwa miyambi sangadabwe ndi njira imeneyi, pakuti makolo athu anaiyamba kalekale popanda magetsi. Kodi mwambi n'chiyani? Ndi mlandu wautali umene unaweruzidwa, n'kuphwetsedwa pamoto mpaka kutsala mchere wokhawokha. Tikati safunsa anadya phula, kumbuyo kwake kuli munthu amene anaona chisa cha njuchi, nachita manyazi kufunsa, nadya chosadyedwa. Tikati walira mvula walira matope, ndi lamulo lomwe lija lakuti zikatere, yembekezera zakuti. Ndipo anthu anagwirapo kale ntchito yotapa nzeru zimenezi pakamwa pa akulu n'kuziika pa pepala. Stevenson Kumakanga anatisiyira Nzeru za Kale. John Gwengwe anatulutsa Kukula ndi Mwambo mu 1965. Bambo Joseph Chakanza, wansembe amene ankaphunzitsa ku Chancellor College kuno ku Zomba, anasonkhanitsa miyambi 2,000 m'buku limene linatuluka m'chaka cha 2000. Anthu amenewa anaona kuti dambo likuphwa, natunga madzi nthawi ikadalipo. Chodandaulitsa n'chakuti zimene iwo anachitira mudzi, ife sitikuchitira maofesi athu, masukulu athu ndi masikimu athu.

Pa zaka zimene ndinakhala mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu ndinawerenga makalata ambiri osiyirana udindo. Mumalembedwa kuchuluka kwa madesiki, mabuku, makiyi ndi ndalama zotsala m'thumba la sukulu. Simulembedwa kuti mtsinje wakuti ukadzaza mu Febuluwale ana a midzi ya tsidya lina sabwera, choncho mayeso a sabata imeneyo aimitsidwe. Simulembedwa kuti ukafuna njerwa m'mudzi wakuti uyambe waonana ndi alongo awo a mfumu, popeza ndiwo amamveredwa. Simulembedwa kuti matemba akachuluka kunyanja anyamata a Sitandade 7 amayamba kujomba, ndi kuti munthu wokawabweza ndi mwini khoka osati makolo awo. Simulembedwa kuti nyengo ya zinamwali imafuna kukambirana ndi anamkungwi ndi angaliba mwaulemu, teremu isanatsekedwe. Komatu zimenezi ndizo zimayendetsa sukulu. Wolowa m'malo amalandira makiyi, n'kutha zaka zitatu akudya phula limene mnzake analilavula kale.

Tikapita kunyanja nkhaniyi imakula. Nyanja ya Chilwa ndi yosaya ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Imadalira mvula ndi mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi ndi Phalombe, kotero mvula ikavuta zaka zingapo zotsatizana imaphwa. Inauma mu 1968, n'kudzaumanso mu 1995. Pakati pa zaka ziwirizi pali zaka 27. Wogwira ntchito m'boma amapuma akakwanitsa zaka 60, ndipo asanapume amakhala atasamutsidwa kangapo. Apa zikuonekeratu kuti ofesi imaiwala msanga kusiyana ndi mmene nyanja imabwerezera khalidwe lake. Mlangizi wa za usodzi amene afika lero ku Kachulu akhoza kugwira ntchito zaka khumi osaonapo chimene agogo a pa chilumba cha Chisi anachiona kawiri kapena katatu.

Sindikunena kuti palibe cholembedwa. Kuyambira mu 1966 akatswiri a Yunivesite ya Malawi, motsogozedwa ndi Pulofesa Margaret Kalk, anachita kafukufuku wa nyanjayi kwa zaka khumi, ndipo buku lawo lalikulu linatuluka mu 1979. Ndi ntchito yotamandika. Koma ili m'Chingerezi chozama, ndipo imafotokoza za madzi, zomera ndi nsomba kuposa za mmene mtsogoleri angayendetsere anthu madzi akatha. Nyanja itauma mu 1995, matemba, makumba ndi milamba yotsala inabisala m'maiwe a m'mitsinje. Mafumu, asodzi ndi a nthambi ya boma yoona za nsomba anagwirizana zoteteza maiwewo, naletsa kupha nsomba ndi katupe, kuti madzi akadzabwerera padzakhale mbewu. Madzi anabweradi, nsomba zinaswana. Mu 1997 nyanjayi inakhala malo oyamba m'Malawi kulowa m'pangano la Ramsar loteteza madambo, ndipo chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la usodzi lopatsa anthu a m'midzi gawo pa kasamalidwe ka nsomba. Zonsezi zili m'malipoti. Koma kodi mfumu inawauza chiyani anthu anjala kuti asiye nsomba zimene ankaziona ndi maso m'dziwe? Kodi wogwidwa usiku ankaweruzidwa bwanji kuti mudzi usagawikane? Amene anatsogolera ntchito imeneyo ndi okalamba tsopano, ndipo ena anagona kale.

Chimodzimodzinso ku masikimu a mpunga a Domasi ndi Likangala, amene anamangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1970. Kwa nthawi yaitali ankayendetsedwa ndi boma. Ndondomeko ya ulimi wothirira ya 2000 ndi lamulo la 2001 zitabwera, ntchito yoyendetsa masikimu inayamba kuperekedwa m'manja mwa mabungwe a alimi eni ake. Limeneli linali ganizo labwino. Komabe ngalande ndi zitseko za madzi ndi zimene zimaperekeka ndi kalata ndi kuwomba m'manja. Nanga nzeru ya kapitawo amene ankadziwa kuti madzi akachepa mu Okutobala ayambe kutsekera mbali iti, kwa masiku angati, kuti a kumunsi asagwire zikwanje? Nzeru yotere ilibe chidindo, ndipo mwini wake akachoka imapita naye.

Dziko lathu si lachilendo pa makina olangiza. Mu 2001 Gerry Douglas anayamba kuika makompyuta ongodina pa galasi pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, ntchito imene inabala bungwe la Baobab Health. M'zaka zotsatira makina oterewa anafika ku zipatala zopereka mankhwala otalikitsa moyo, kumene ankatsogolera wachipatala funso ndi funso motsata ndondomeko ya unduna. Mabungwe ena, monga D-tree International, anaika m'mafoni a alangizi a zaumoyo a m'midzi mafunso oyenera kufunsa mwana akabwera ndi chifuwa, kutentha thupi kapena kutsegula m'mimba, mpaka foni n'kunena kuti uyu m'patseni mankhwala, uyu thamangani naye kuchipatala. Mu 2024 bungwe la Opportunity International linayamba kuyesa Ulangizi, pulogalamu ya pa WhatsApp yoyankha mafunso a alimi m'Chichewa, yotapa mayankho ake m'buku la malangizo la Unduna wa Zamalimidwe. Zonsezi n'zoyamikika, pakuti alangizi ndi madokotala ndi ochepa pamene ofuna thandizo ndi namtindi.

Koma taonani chinthu chimodzi. Makina onsewa amadya zolembedwa kale. Ndipo makina atsopano, amene sadikira kuti munthu awalembere malamulo koma amaphunzira okha powerenga mulu wa zolembalemba, ali ndi chilema chomwechi mopitirira: chimene sichinalembedwe, kwa iwo kulibe. Mukawafunsa za ulimi wa mpunga ku Asia adzakuyankhani mpaka mutatopa. Mukawafunsa kuti chimbowera chimamangidwa bwanji pa njedza kuti mwera usachitenge, kapena kuti mkangano wa madzi pakati pa a kumtunda ndi a kumunsi unathetsedwa bwanji chaka cha njala, adzangokhala chete kapena, choipa kwambiri, adzapeka bodza lokoma. Choncho kubwera kwa makina anzeru kwakulitsa kufunika kokhala pansi ndi akulu.

Tsono kukhala pansi ndi mkulu kuli ndi mwambo wake, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya. Katswiri weniweni amadziwa zambiri kuposa zimene angathe kufotokoza. Mfundo imeneyi anaitsindika Michael Polanyi mu 1966, koma mayi aliyense wopeta mpunga amaidziwa. Mufunseni kuti lichero amalipendeketsa motani kuti mankhusu apite, adzangoseka n'kunena kuti, "Tengani lichero, mwananga, muyese." Ku Japan, mu 1985, kampani ya Matsushita inkalephera kupanga makina okanda buledi bwino. Mayi wina wa pa kampaniyo, Ikuko Tanaka, anapita kukakhala wophunzira wa mkulu wophika buledi pa hotela ina ya ku Osaka. Atakanda naye ufa kwa nthawi, anaona kuti mkuluyo pokoka ufawo ankaupotozanso, chinthu chimene palibe anali atachitchula. Makinawo anakonzedwa potengera zimenezo, nayamba kugulitsidwa mu 1987. Kuthyola ndiwo n'kuwerama. Mayi ameneyo anawerama.

Mnyamata wofika pa galimoto ndi pepala la mafunso 40, n'kumayang'ana wotchi, adzabwerera ndi mankhusu. Mukafunsa bwana kuti, "Mumayendetsa bwanji ntchito yanu?" adzakulakatulirani zimene zili m'buku la malamulo, chifukwa ndizo zosam'gwiritsa mwala. Zimene amachitadi sadzazitchula, mwina poopa, mwina poganiza kuti n'zachabe. Makolo sankafunsa choncho. Mwana ankapita ndi atsibweni ake kokatchera miono, nanyamula nkhafi, naona, nalakwitsa, nadzudzulidwa. Madzulo pamoto mafunso ake ankakhala a nkhani yeniyeni. Wofuna kutapa nzeru lero atengere pomwepo. Afunse kuti, "Bambo, chaka chija madzi anachepa mpunga uli ndi pakati, munayamba kutsekera ndani? Nanga akanakhala kuti a kumunsi ndiwo anaoka mochedwa, mukanatani?" Funso lotere limatsegula nkhokwe. Ndipo abwerenso mawa ndi mkuja, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Afunsenso m'chiyankhulo chimene mkuluyo amaganizira. Kuno kwathu wina amaganiza m'Chiyao, wina m'Chinyanja, wina m'Chilomwe, ndipo mukam'kakamiza Chingerezi adzakupatsani nzeru zolingana ndi Chingerezi chakecho.

Vuto lachiwiri miyambi ikutiphunzitsa momveka. Miyambi imatsutsana. Womwe uja wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha uli ndi mnzake wakuti ndionetsetse anathetsa nkhosa. Timati mutu umodzi susenza denga, timatinso pagule fumbi ndiwe mwini. Timati galu wamkota sakandira pachabe, komanso timati tsobola wakale sawawa. Kodi makolo anasokonezeka? Iyayi. Ankadziwa kuti lamulo lililonse lili ndi nyengo yake, ndipo nzeru yeniyeni ndi kudziwa mwambi woyenera mlandu umene uli pabwalo lero. Mwana wa sukulu akhoza kuloweza miyambi 500 n'kukhoza mayeso, koma sangaweruze mlandu wa malire a munda. Kompyuta yodzaza ndi malamulo ili ngati mwana ameneyo. N'chifukwa chake ndikuti tisasunge malamulo okha. Tisunge milandu yathunthu: zinayamba bwanji, panali njira zingati, mkuluyo anasankha iti, chifukwa chake chinali chiyani, ndipo zinatha bwanji, ngakhale zitakhala kuti zinatha moipa.

Mwambi wa tsobola uja tisaunyoze, pakuti nzeru nazo zimasukuluka. Kampani ya makompyuta ya Digital Equipment Corporation inayamba kugwiritsa ntchito makina olangiza otchedwa XCON mu 1980. Anathandiza kwambiri, koma katundu wa kampaniyo ankasintha chaka ndi chaka, malamulo anachuluka kufika masauzande, ndipo kuwakonza kuti asatsutsane inasanduka ntchito yolemetsa yofuna gulu la anthu. Kwathu kuno nyengo ndiyo ikusintha. Munthu akanalemba mu 1996 kuti Chilwa amauma kamodzi pa m'badwo, akanaoneka wanzeru. Koma nyanjayi inaphwanso kwambiri mu 2012, ndipo mu 2018 mabwato anali gone pa matope ong'aluka ku Kachulu. Patangopita miyezi yochepa, mu Malichi 2019, mvula ya namondwe wa Idai inabwera ndi madzi osefukira, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anasakaza chigawo cha kummwera moti ngakhale nkhalamba zinagwira pakamwa. Langizo lililonse loikidwa m'makina likhale ndi chaka chake, malo ake ndi dzina la amene analipereka, ndipo pakhale anthu olipendanso nyengo ndi nyengo. Nzeru yopanda tsiku ili ngati mankhwala ofufutika chizindikiro.

Vuto lachitatu ndi lakuti, kodi tikati katswiri tikunena yani? Chizolowezi chathu n'chothamangira kwa wa tayi. Komatu pa ofesi iliyonse pali kalaliki amene wakhalapo zaka 30 mabwana akubwera ndi kupita, pali mesenjala wodziwa khomo la mfumu iliyonse, pali mlonda wa pa damu amene amadziwa mtsinje ndi khutu. Pa doko pali amayi oyanika ndi kuwamba nsomba amene amadziwa msika wa Songani, wa Zomba ndi wa Limbe kuposa wina aliyense wa mu ofesi. Makina otapa nzeru za mabwana okha adzakhala ndi mutu wopanda miyendo. Ndiponso tinene chilungamo: si zonse zimene bwana wakale amachita zili nzeru. Zina ndi tsankho lokondera akwawo, zina ndi kunyoza amayi, zina ndi njira zachidule zodyera ndalama. Munthu wokondera amapuma ntchito, kukondera kwake n'kutha. Koma mukakulowetsa m'makina, mwakupatsa moyo wosatha ndi nkhope yooneka yosalakwa. Pabwalo la mfumu mboni imodzi sikwana. Zonena za mkulu mmodzi zipimidwe ndi za anzake, ndi za amene ankawalamulira.

Palinso nkhani ya umwini ndi ulemu. Wogwira ntchito ena amabisa nzeru dala, poopa kuti akaulula zonse adzatayidwa ngati chikonyo. Mantha amenewa si opanda pake. Munthu amene akupemphedwa kukhuthula zimene wasonkhanitsa moyo wake wonse auzidwe poyera kumene zikupita, avomere yekha, dzina lake lilembedwe, ndipo alandire kangachepe. Pamwambo wathu wophunzira sapita kwa mmisiri chimanjamanja. Ndipo zimene zatapidwa ku Chisi zibwerere ku Chisi m'chiyankhulo cha anthu a ku Chisi, osati mdzukulu wa msodzi adzagule ndi ndalama nzeru za agogo ake kwa kampani ya kutsidya kwa nyanja. Tidziwenso kuti zilipo nzeru zina zimene eni ake anaziikira mpanda. Za kudambwe, za kutsimba ndi za kundagala zili ndi njira yake yopatsirana, ndipo mwini kompyuta alibe gawo kumeneko pokhapokha eni mwambo atalola.

Chomaliza pa mavutowa ndi udindo. MYCIN ija, itayesedwa, inapezeka kuti malangizo ake ankafanana ndi a madokotala odziwa bwino ntchito, komabe sinagwiritsidwepo ntchito pochiza odwala m'zipatala. Chimodzi mwa zifukwa zake chinali funso lakuti makina akalakwitsa, wodwala n'kumwalira, mlandu ndi wa yani? Koma inali ndi khalidwe limodzi limene ndikufuna makina athu atengere: dokotala akaifunsa chifukwa chimene yafunsira funso lakuti, kapena mmene yafikira pa langizo lake, inkaonetsa malamulo amene yatsata. Nkhoswa yabwino imatero. Imanena maganizo ake ndi zifukwa zake, koma banja ndi la eni ake. Makina akhale nkhoswa, chigamulo chikhale cha munthu amene tingathe kumuitana pabwalo.

Nanga tichite chiyani? Sitikusowa kudikira thandizo la kunja kuti tiyambe. Chaka chomaliza cha mphunzitsi wamkulu, mlangizi wa zaulimi, mkulu wa chipatala chaching'ono kapena wapampando wa sikimu chikhale chaka chosiyirana nzeru. Wodzalowa m'malo adziwike msanga, ayende naye miyezi ingapo, monga mwana wa mlongo wa mfumu ankakhalira pabwalo kumvetsera milandu asanalowe ufumu. Pa miyezi imeneyo ajambule mawu a mkuluyo pa foni, pakuti foni yojambula mawu ikupezeka ngakhale pa msika wa Songani pompa, ndipo alembe milandu khumi kapena makumi awiri imene inam'soweka tulo mkuluyo. Kope limodzi litsale pa ofesi, lina lipite kosungirako.

Malo osungira ndi anthu ogwira ntchitoyi tili nawo pakhomo. Ku Domasi kuli Malawi Institute of Education, kumene amakonza maphunziro a dziko lino, kuli koleji ya aphunzitsi, kulinso malo a boma ofufuzira za ulimi wa nsomba. Mu mzinda wa Zomba muli Yunivesite ya Malawi ndi nyumba yosungira zolembedwa zakale ya National Archives, imene inatsegulidwa mu 1947. Ophunzira a zamakompyuta ndi a ziyankhulo amafunafuna mitu ya kafukufuku chaka chilichonse. Bwanji awiriawiri, wina wa makompyuta wina wa chiyankhulo, osapita kukakhala mwezi wathunthu ku Kachulu kapena ku sikimu ya Likangala? Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Zimene angabwere nazo zingakhale chakudya cha makina olangiza amene angayankhule zakwathu, ndipo iwo eni angabwerere atakhwima kuposa mmene kalasi ikanawakhwimitsira.

Kwa anzanga opuma ntchito, amene tikungokhala pakhonde kudandaula kuti ana a masiku ano safunsa, ndikuti nafenso tili ndi ngongole. Nzeru zimene tili nazo sitinabadwe nazo. Tinazitola pa ntchito ya anthu, polipidwa ndi misonkho ya anthu, ndipo zina tinaziphunzira pa misana ya ana a eni. Si zathu zokalowa nazo m'manda. Tengani kope la masamba 80, lembani mlandu umodzi pa sabata, kapena itanani mdzukulu akujambuleni mawu. Musadikire kuti kompyuta ifike, pakuti ikadzafika idzafuna kupeza chakudya chili kale m'nkhokwe.

Kwa inu achinyamata amene mwalandira makiyi a maofesi, amene munamulowa m'malo mwina ali moyo, akulima chinangwa pa mtunda wosakwana ola limodzi pa njinga. Mutengereni shuga ndi sopo, mukhale naye pa mphasa, mumufunse za chaka chimene zinthu zinavuta. Mawu a akulu akoma akagonera, koma amagonera mwa munthu amene anawamva. Chitani zimenezi chaka chino, pakuti madzi akatayika saoleka.